Munda umodzi ukumbidwe kangati?

Munthu akaona chithunzi cha makina opangira magetsi ndi mphepo atandandalika pakati pa nyanja, amaganiza kuti nkhani ya malo yatheratu. Palibe munda walandidwa, palibe mudzi wasamutsidwa, ndipo phokoso lake likumvedwa ndi mbalame zokha. Andale a ku Britain akhala akukopa anthu ndi maganizo amenewa, makamaka kuyambira mu 2015 pamene malamulo omangira makinawa pamtunda ku England anakhwimitsidwa mpaka kufika poti palibenso ankamanga. Koma magetsi sagwira ntchito m'madzi. Ayenera kuwoloka, kukwera gombe, n'kuyenda pamtunda mpaka kukafika pamene padutsa nthambo zikuluzikulu zogawa magetsi m'dziko lonse. Ulendo wapamtundawu sauika pa zikwangwani, koma ndi umene ukung'amba minda ya ku Norfolk ndi Suffolk, kum'mawa kwa England.

Ndinene msanga mbali imene ndaima. Makinawa amangidwe, ndipo nthambo zake zikwiriridwe pansi. Chimene sindikugwirizana nacho n'chakuti kampani iliyonse izikumba ngalande yakeyake, m'chaka chakechake, m'dera lomwelomwelo, ngati kuti dothi ndi chinthu choti ungafukule n'kubwezera kangapo osasintha. Vutoli analibweretsa si alimi ayi, ngakhalenso makampani paokha. Ndi dongosolo limene boma linasankha, ndipo linali ndi mpata wosankha lina.

Taonani mudzi wa Weybourne, kugombe la kumpoto kwa Norfolk. Nthambo za pulojekiti ya makina apanyanja ya Sheringham Shoal, imene inatsegulidwa mu 2012, zinatulukira pamenepo n'kupita ku Salle. Za Dudgeon, ya mu 2017, zinatulukiranso pomwepo n'kuyenda makilomita 47 kukafika ku Necton. Kenako yabwera Hornsea Three ya kampani ya Ørsted, imene makina ake ali panyanja, makilomita pafupifupi 120 kuchokera kugombe. Nayonso yatulukira pa Weybourne, ndipo ngalande yake ndi yopitirira makilomita 50 mpaka kumwera kwa mzinda wa Norwich. Mu 2024 boma linavomerezanso kampani ya Equinor kukulitsa Sheringham Shoal ndi Dudgeon, ndipo njira ya nthambo zatsopanozo ikuyambira pa Weybourne pomwepo kulowera kumwera kwa Norwich komweko. Chakum'mawa, pa Happisburgh, pakuyambira njira ina ya makilomita 60 ya Norfolk Vanguard ndi Norfolk Boreas, yolowera chakumadzulo kukathera ku Necton. Njira yochokera kumpoto ndi yochokera kum'mawa zimapingasana pafupi ndi tauni ya Reepham. Anthu a kumeneko sanapemphe kukhala pamphambano.

Ambiri akamva kuti nthambo yakwiriridwa amaganiza za kangalande kofika m'mawondo. Zenizeni n'zina. Amayamba n'kumanga mpanda mbali zonse ziwiri za mzere umene adutsemo, ndipo m'lifupi mwake mumatha kukwana mamita 45, kwina mpaka 80. Kenako makatapila amapala dothi lonse lapamwamba, lakuda lija, n'kuliunjika mulu wautali m'mphepete. Dothi lapansi lofiirira limaunjikidwa palokha kuti zisasakanikirane. Pakati amayala miyala kupanga msewu wa malole, chifukwa madiramu okulungapo nthambo ndi olemera matani ambiri. M'mbali mwa msewuwo ndi mmene mumakumbidwa ngalande zenizeni, zakuya kupitirira mita imodzi, ndipo muikidwa mapaipi apulasitiki ozunguliridwa ndi mchenga wosakaniza simenti. Nthambo zimadzakokedwa m'mapaipimo pambuyo pake. Ngalandezo zimatalikirana dala chifukwa nthambo yonyamula magetsi ochuluka imatentha, ndipo zikathithikana kutenthako kumachepetsa mphamvu imene zinganyamule. Pa mitsinje monga Wensum ndi Bure, pa misewu ikuluikulu ndi pagombe penipeni, sakumba kuchokera pamwamba. Amaboola ndi makina kudutsa pansi. Koma kwina konseko ndi kufukula basi, munda ndi munda. Mukawerengetsa mamita 45 pa makilomita 60, mupeza mahekitala 270, ndipo imeneyo ndi njira imodzi yokha.

Ntchito ikatha, amabwezera dothi, mpanda umachotsedwa, mlimi amauzidwa kuti alime. Ndipo n'zoona, tirigu ndi balere zimameranso pamwamba pa nthambo. Pa chifukwa chimenechi mapepala a makampani amati kuwonongekako n'kwa kanthawi. Komabe pali zina zimene zimatsala. Pamzere wonsewo mwini malo saloledwanso kumanga nyumba kapena nkhokwe, kapena kubzala mitengo ya mizu yozama. Pakadutsa mamita mazana angapo pamakhala polumikizira nthambo, ndipo pafupi pake pamatsala kabokosi kokhala ndi chivundikiro koti amisiri azitsegula. Kakagwera pakati pa munda, woyendetsa thirakitala azikazungulira moyo wake wonse. Mipanda ya zitsamba yolekanitsa minda, imene ina yakhalapo zaka mazana ndipo ndi njira ya mileme ndi mbalame, imadulidwa pamene mzere wadutsa. Zitsamba zimabzalidwanso, inde, koma mtengo waukulu umene unali pamenepo sungabwerere.

Nkhani yaikulu kwa ine ili m'dothi momwemo, ndipo ndi imene imalankhulidwa mochepa. Malole olemera akayenda pamalo amodzi kwa miyezi, makamaka nthaka ili yonyowa, dothi lapansi limatsindirika n'kukhala chidikhidikhi. Madzi salowa, mizu imapindika. Mungabwezere dothi lakuda pamwamba mwaluso lonse, koma pansi pakhala poumbika. Dothi lapamwambalo nalonso likakhala pamulu kwa nthawi yaitali limasintha: nyongolotsi zimafa, mpweya sulowa mkati, ndipo likamabwezedwa limakhala litataya mphamvu yake ina. Mbewu zimene zimapindulitsa alimi a kum'mawa kwa England, monga mbatatesi, karoti ndi beet wopangira shuga, ndi zokulira pansi, ndiye ndi zimene zimayamba kuonetsa vutolo.

Pali chinanso chimene mlendo sangachione. Pansi pa minda yambiri ya ku England pali mapaipi ochotsa madzi, ena adothi owotcha amene anaikidwa ndi azigogo a alimi a lero, ndipo ambiri sanalembedwe pa mapu alionse. Ngalande ya nthambo ikadutsa imawadula onse. Kontirakitala wabwino amaika mapaipi atsopano olandira madziwo ntchito isanayambe, n'kulumikizanso odukawo ikatha. Koma paipi imodzi ikaiwalika, kapena dothi likatsika pakapita zaka ziwiri n'kuithyola, chigawo cha munda chimasanduka dambo, ndipo nthawi zina madziwo amakatulukira kwa mnansi amene nthambo sinadutse n'komwe kwake. Vuto lotere silioneka pa tsiku limene akuluakulu akusainirana kuti malo abwezedwa. Limadzaoneka mvula ya chaka chachitatu kapena chachinayi, makatapila atapita kalekale. Tsopano ganizirani kuti dothi likungoyamba kuchira, kenako kampani ina ikubwera ndi mpanda wake, mwina m'munda womwewo, mwina woyandikana nawo.

Alimi amalandira chipukuta misozi, ndipo ena ndalama zake si zochepa. Koma tisanamizane kuti ndi malonda a anthu awiri ofanana mphamvu. Pansi pa lamulo la mapulani la mu 2008, pulojekiti yaikulu ikavomerezedwa ndi nduna, chilolezocho chimabwera ndi mphamvu yotenga malo mokakamiza. Mlimi akakhala pansi kukambirana mtengo, onse awiri amadziwa kuti akakana, ngalande idutsabe. Ndipo amene amachita lendi munda, kapena wokhala m'mudzi amene alibe munda koma malole akudutsa pakhomo pake, gawo lake pa ndalamazo ndi lochepa kapena palibiretu. Ku Cawston, kumene msewu wodutsa pakati pa mudzi ndi wopanikizika moti magalimoto awiri akuluakulu amavutika kupatukirana, anthu anadandaula kwa zaka zambiri atamva kuti malole a mapulojekiti awiri azidzera pomwepo.

Wina anena kuti walira mvula walira matope. Mukufuna magetsi osatulutsa utsi, mukufuna kusiya kudalira gasi wogula kunja, ndiye musalire ngalande. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikuipeputsa. Hornsea Three yokha ndi ya magigawati 2.9, magetsi okwanira nyumba mamiliyoni angapo. Mahekitala mazana ochepa olimidwanso pambuyo pake ndi mtengo wotsika poyerekeza ndi mgodi wa malasha. Komanso Happisburgh yomweyo ndi mudzi umene nyanja ikuudya, nyumba zakhala zikugwera m'madzi anthu akuona, ndipo kusintha kwa nyengo kukungowonjezera liwiro. Ndiponso si bodza kuti pakati pa otsutsa pali anthu opeza bwino amene anagula nyumba kumudzi kuti apumule, ndipo chimene chikuwawawa n'chakuti maonekedwe a pawindo asintha. Zonsezi ndikuvomereza. Koma mwambiwu ukunena za matope amene mvula imabwera nawo mosapeweka. Ngalande yachitatu ndi yachinayi pagombe limodzi inali yopeweka.

Chinachititsa n'chiyani? Ku Britain, kampani yomanga makina panyanja ndi imenenso imamanga nthambo zake zokafika kumtunda. Imapempha malo olumikizira, imauzidwa siteshoni yolumikizira magetsi ake ku nthambo za dziko, imajambula njira yake, imapempha chilolezo chake. Ikamaliza, lamulo limati igulitse nthambozo kwa kampani ina yoziyendetsa, kudzera m'mpikisano woyang'aniridwa ndi Ofgem, bungwe loona za malamulo a magetsi ndi gasi. Dongosololi linali lanzeru pamene mapulojekiti anali ang'onoang'ono, apafupi ndi gombe, ndiponso owerengeka. Linathandiza kuti ntchito ifulumire ndi kuti mitengo itsike. Koma silipatsa kampani chifukwa chilichonse choikira mapaipi owonjezera oti mnzake wopikisana naye adzagwiritse ntchito zaka zisanu zikubwerazo. Ndani angawononge ndalama zake kukonzera njira mdani wake pamalonda? Choncho aliyense amachita zomuyenera iye, ndipo palibe amene ntchito yake ndi kuyang'ana chigawo chonse.

Bwalo lalikulu la milandu linaona mpata umenewu mu February 2021. Raymond Pearce, amene kale anali woyendetsa ndege zankhondo ndipo amakhala kufupi ndi mphambano ya ku Reepham ija, anasumira boma pa chilolezo cha Norfolk Vanguard. Jaji Holgate anachifafaniza chilolezocho chifukwa nduna inavomereza pulojekitiyo osaunika mmene siteshoni yake ku Necton idzaonekere ikaphatikizidwa ndi ya Norfolk Boreas, ngakhale kuti ziwirizo zinali za kampani imodzi, Vattenfall, ndipo zinali zoti zimangidwe moyandikana. Tangoganizani: mapulojekiti apachibale, malo amodzi, koma kuunikidwa ngati sadziwana. Chilolezocho chinaperekedwanso mu February 2022, kotero wina anganene kuti mlanduwo unangochedwetsa zinthu chaka chimodzi. Ine ndimati unaonetsa poyera mmene boma linkawerengera: chimodzichimodzi, osaphatikiza.

Umboni woti kuwonongekaku kungachepe ukuchokera kwa makampani omwewo. Mu 2018 Vattenfall inalengeza kuti idzagwiritsa ntchito magetsi a mtundu wa DC, oyenda molunjika mbali imodzi, m'malo mwa AC, osinthasintha mbali, pa nthambo zake za ku Norfolk. DC imafuna nthambo zochepa ponyamula mphamvu yofanana pa mtunda wautali. Ganizo limodzi lokhalo linachepetsa m'lifupi mwa mzere kuchoka pa mamita 100 kufika pa 45, ndipo linachotsa masiteshoni othandizira amene akanamangidwa pafupi ndi gombe. Inakonzanso zoti mapaipi a Vanguard ndi Boreas aikidwe nthawi imodzi, kuti yachiwiriyo idzangokoka nthambo osafukulanso. Kufunika kwake kunaoneka mu 2023, pamene Vattenfall inaimitsa Boreas ponena kuti zinthu zakwera mtengo kwambiri, kenako n'kugulitsa mapulojekiti onsewo ku kampani ya RWE. Eni asintha, masiku asintha, koma njira ikadali imodzi. Ku Suffolk nakonso, ScottishPower Renewables pomanga East Anglia ONE inaika mapaipi a East Anglia THREE m'njira yomweyo ya makilomita 37 kuchokera ku Bawdsey kukafika ku Bramford. Zimatheka ndithu, koma taonani kuti m'zitsanzo zonse ziwirizi zinatheka chifukwa mwini wake anali mmodzi.

Nkhani ya ku Bawdsey ili ndi mbali ina yowawa. Poyamba njirayo inakonzedwa kuti ikhale ya DC ndi kunyamula magetsi ochuluka kuposa amene ikunyamula. East Anglia ONE itachepetsedwa kufika pa mamegawati 714, inasinthidwa kukhala ya AC. Pamene kampani yomweyo inabwera ndi mapulojekiti ena awiri, East Anglia ONE North ndi East Anglia TWO, inapatsidwa malo atsopano: nthambo zitulukire pafupi ndi Thorpeness, zidutse m'dera lotetezedwa chifukwa cha kukongola kwake, zikathere pa siteshoni yatsopano pambali pa mudzi wa Friston. Anthu a kumeneko amanena kuti njira ya ku Bramford ikanasungidwa mmene inalili poyamba, iwo sakanakhudzidwa. Anakhazikitsa magulu otsutsa monga SASES ndi SEAS, anapita kukhothi chilolezo chitaperekedwa mu March 2022, koma sanapambane.

Ndipo pa Friston ndi pamene mawu oti "n'zakanthawi" amathera. Ngalande imakwiriridwa, koma siteshoni siikwiriridwa. Ndi nyumba zazitali zachitsulo, matiransifoma, mipanda ndi misewu, pamalo amene anali munda ndi njira za oyenda pansi, pafupi ndi tchalitchi chakalekale cha mudziwo. Anthu akuopanso madzi, chifukwa mudziwo uli kumunsi ndipo umavutika kale ndi madzi othamanga kuchokera m'minda. Choipa kwambiri n'chakuti siteshoni ikangomangidwa imaitana zina. Mapulojekiti a nthambo zodutsa pansi pa nyanja monga Sea Link ndi LionLink nawonso akonzedwa kuti alumikizidwe m'dera lomwelo, ndipo pafupi pomwepo pakumangidwa Sizewell C, malo opangira magetsi a nyukiliya. Mudzi unafunsidwa maganizo pa chinthu chimodzi, koma chimene ukulandira ndi zinthu zingapo zotsatizana. Ku Necton zinayendanso choncho: siteshoni ya Dudgeon ndi imene inatsegula khomo.

Boma silinganene kuti silinkadziwa. Mu 2020 linakhazikitsa kauniuni wa mmene magetsi apanyanja amafikira kumtunda, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho bungwe loyendetsa magetsi a dziko linatulutsa lipoti loti kulumikiza mapulojekitiwa pamodzi kuyambira mu 2025 kungapulumutse mapaundi pafupifupi 6 biliyoni pofika 2050, n'kuchepetsa ndi theka zomangamanga ndi malo otulukira nthambo. Pulani yoyang'ana zonse pamodzi inatuluka mu 2022, koma mapulojekiti a ku Norfolk ndi Suffolk amene anali atapita kale patsogolo anasiyidwa kuti apitirire mmene analili. Mayiko oyandikana nawo anatenga njira ina kale. Ku Germany ndi Netherlands, kampani yoyendetsa nthambo za dziko, monga TenneT, ndi imene imamanga polumikizira panyanja, ndipo omanga makina amangolumikizapo. Ku Belgium kampani ya Elia inamanga nsanja imodzi panyanja yosonkhanitsa magetsi a mapulojekiti angapo. Kumenekonso madandaulo a alimi alipo, koma pali mmodzi wodziwika amene amajambula njira ndi kuyankha mafunso.

Otsutsa nawonso ndili nawo mawu. Ambiri, kuphatikizapo phungu wa Mid Norfolk George Freeman, akhala akupempha kuti nthambo zilumikizidwe panyanja pomwepo n'kukatulukira kufupi ndi London kapena pamalo amene panali kale mafakitale. Ganizolo ndi labwino, koma ena amalilankhula ngati lingachotse vuto lonse. Silingatero. Pansi pa nyanja palinso malo otetezedwa ndi malo a asodzi, ndipo nthambo zikatuluka kwina, kumenekonso kuli anthu, mwina osauka kuposa a ku Suffolk ndiponso opanda maloya. Komanso munthu sangakane ngalande, n'kukana nsanja zachitsulo zopachikapo nthambo za mzere wa Norwich mpaka Tilbury wa makilomita pafupifupi 180, n'kukananso kuti bilu ya magetsi ikwere. Kukwirira nthambo n'kodula kangapo kuposa kuzipachika, ndipo kumafukula dothi lambiri kuposa nsanja. Woti akane zonse, ndiye kuti akufuna kuti mtolowo ausenze wina.

Chofunika si chozizwitsa. Bungwe loyendetsa magetsi, limene kuyambira mu 2024 lili m'manja mwa boma ndipo likutchedwa NESO, lizisankha malo ochepa otulukira nthambo ndi njira zake mapulojekiti asanagawidwe. Woyamba kukumba azilamulidwa kuika mapaipi okwanira odzabwera pambuyo, ndipo ndalama zowonjezerazo zibwezedwe kudzera m'mabilu a onse, chifukwa opindula ndi magetsiwo ndi dziko lonse. Inde, mapaipi ena adzakhala opanda kanthu kwa zaka, mwina mpaka kalekale, ndipo alipo amene adzati ndalama zatayika. Ine ndiona kuti paipi yogona pansi yopanda ntchito ndi yotsika mtengo kuposa kubweretsanso makatapila. Ntchito yofukula iziima nthaka ikanyowa, ngakhale kontirakitala atatsalira pa kalendala, ndipo woimitsa ntchitoyo akhale katswiri wa dothi amene salandira malipiro kwa kontirakitalayo.

Chotsiriza n'chokhudza zaka zapambuyo. Popeza nthambo zimagulitsidwa kwa kampani ina ntchito ikatha, ndipo mapulojekiti enieniwo amasinthanso eni monga zachitikira ku Norfolk, chilolezo chizinena mosabisa kuti udindo wa mapaipi amadzi ndi zokolola zotsika uli pa ndani, kwa zaka zingati, ndipo ndalama zake ziikidwe padera ntchito isanayambe. Dothi liyezedwe makatapila asanafike, liyezedwenso chaka ndi chaka, kuti mlimi asamachite kutsimikizira yekha kuti munda wake unali wabwino kale. Za ku Norfolk zapita, ngalande zambiri zakumbidwa. Koma ku Lincolnshire, ku East Yorkshire ndi kudera la Fylde ku Lancashire njira zatsopano zikujambulidwa ndipo zina zikuyamba kumene, ndiye malamulo amenewa akhoza kulembedwa alimi a kumeneko asanasaine.